Mzungu Amene Anakana Kutsokomola

Kwa chaka chathunthu m'nyumba mwathu munkatuluka mapemphero awiri olimbana. Amuna anga, a Jiwan Naide, ankapempha milungu kuti Bwana Ansell akhale ndi moyo. Ine ndinkapempha milungu yomweyo kuti afe, kapena ngati imfa yavuta, athyoke ngakhale mwendo umodzi. Manyazi ndilibe nazo. Ndakalamba tsopano, mano anatha, koma ndikamva dzina la mzungu ameneyu malovu amandiwawabe m'kamwa.

Anafika koyamba kuno ku Pihillagama, mudzi wa m'mapiri a pachilumba chathu chino, mwana wathu Ranhami akuyamwa. Anali wamtali, wowonda, wa chifuwa chosatha, moti tinkamudziwa ndi kutsokomola asanatulukire pokhota njira. Katundu wake anali makwerero opinda ndi mipukutu ya mapepala opyapyala oonekera. Azungu amene tinkawadziwa masiku amenewo anali a m'minda ya tiyi, ofuna manja athu, ndi amishoni, amene ankati zojambula za m'kachisi mwathu ndi zidole za ziwanda. Uyu anavula nsapato popanda womuuza, analowa m'kachisi wa m'phanga, anayang'ana khoma n'kuyamba kugwetsa misozi. Tinkayesa kuti ndi utsi wa nyale.

Khomalo analijambula agogo awo a agogo a apongozi anga. Pofika masiku athu linali litada bii ndi mwaye, utoto ukumatuka, mileme itaipitsa chakumtunda konse. Chifaniziro cha Buddha chogona chammbali, chotalika kuchokera khoma ili kukafika ilo, chinali chitatuwa, maso ake atafufutika. Ife tikalandira alendo tinkayamba ndi kupepesa. Iye ankati ku Ulaya konse kulibe chofanana nacho, ndipo anthu akwawo ndi mbuli posadziwa kuti kumapiri kuno kuli amisiri.

Anakhala pakhonde pathu nyengo ziwiri za mvula. Ntchito ankaigwira, pamenepo sindingamunamizire. Tsiku lonse ali pa makwerero, pepala atalitsamiritsa kukhoma, akulondola mzere uliwonse ndi pensulo, chala cha mfumu, khutu la njovu, mpaka khosi kuuma. Akatsika ankakhala pansi ndi a Jiwan kuphunzira kupera utoto: woyera wa dongo la kuphiri, wachikasu wa utomoni wa mtengo, wakuda wa mwaye wa nyale. Anaphunzira kumanga burashi ya ubweya wa gologolo. Chilankhulo chathu anachigwira mpaka kumatukwana nacho agalu. Mpunga ankadya ndi manja, tsabola akumukhetsa mamina, ine ndikumuwiritsira jinja wa chifuwa chakecho. Tsiku lina anapempha chikho changa chakale cha mkuwa, chobiriwira ndi ukalamba. Ndinachikwecha ndi bwemba ndi phulusa mpaka chinawala, n'kumupatsa ndi manja awiri. Nkhope yake inagwa. Ndinangoti azungu ndi osayamika.

Bwanayo ankawatchula amuna anga kuti aphunzitsi. Ife a mtundu wa osula ndi ojambula sitikhala pampando pamaso pa eni minda, ndiye taganizani mzungu wa chipewa akunena kuti aphunzitsi, anthu akumva. Mtima wa a Jiwan unapita pamenepo ndipo sunabwererenso.

"Aphunzitsi, mundilonjeze chinthu chimodzi," anatero tsiku lina. "Penti wa m'zitini uja akugulitsa ku tauni ya Kandy asadzalowe m'phanga lino."

"Ine ndili moyo sadzalowa, bwana."

Anafunsanso za mwambo woika maso, ndipo a Jiwan anamuuza zonse. Chifaniziro chimakhala dothi chabe mpaka m'mawa umene mmisiri amachiika maso. Amadzitsekera m'kachisi, amachifulatira, n'kujambula masowo dzanja lili kumbuyo, akuyang'ana pa kalilole amene mnzake wamugwirira, chifukwa kuyang'ana koyamba kwa maso amenewo palibe munthu angakupirire. Akamaliza, ukali umenewo umakhala utalowa m'maso mwa iye mwini. Amatuluka atamangidwa nsalu kumaso, ndipo amamumasula pokhapokha ataima pa mphika wa mkaka, kuti ayambe kuyang'ana mphikawo n'kuuphwanya ndi lupanga. Akayamba kuyang'ana munthu, munthuyo chaka sachimaliza ali bwino. Bwana Ansell analemba zonsezi mokondwa, akuti ndi mwambo wokongola.

Atabwerera kwawo analemba buku lalikulu la zojambula za kumapiri kuno. Tinkamva kuti amayenda m'mizinda ya ku Ulaya kukangana ndi anthu ophunzira amene ankati luso lenileni lili kwa Agiriki okha. Akuti anawagonjetsa, mpaka anamupatsa mpando pa sukulu yaukachenjede. Ranhami anakula, tinamukwatitsa. Kenako mkulu wa amonke, ansembe a Buddha a pakachisi pathu, analandira uthenga woti Bwana Ansell akubweranso, ndi mkazi wake ndi anzake awiri ophunzira, kudzawaonetsa khoma lija.

Woyamba kulankhula anali mlamu wanga Dingiri, mchemwali wawo wa a Jiwan, mkazi amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale akutafuna.

"Ndiye munthu wakutchukitsani mpaka kutsidya kwa nyanja mumulandirira m'chimbudzi cha mileme? Achimwene, kapena manjawo anafota?"

Amonke anavomereza. Kukonzanso kachisi wakale ndi ntchito yamadalitso, ndipo makolo athu ankachita zimenezo nthawi zonse. Khoma likakalamba umaliveka, ngati mmene umavekera mayi ako nsalu yatsopano. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti mwina mzunguyo ankakonda mwaye womwewo. Munthu wamutu wake angaganize bwanji zimenezo?

A Jiwan anaigwira ntchitoyo kuchokera pa kukolola kwina kukafika pa kukolola kwina. Zitini sanazikhudze. Dongo anakalikumba okha, utomoni anakaukanda okha kunkhalango. Anatsata mizere ya agogo awo umodzi umodzi, osawonjeza, osachotsa. Ine ndinkapera utoto wofiira mpaka zikhato kuchita matuza. Msana wawo unapindika chaka chimenecho ndipo sunawongokenso. Koma khomalo, abale inu! Mafumu, njovu, atsikana onyamula maluwa, zonse zinatuluka mu mdima zili psuu, zina zachikasu, monga zinalili tsiku limene agogo aja anatsika pa nsanja. Ndinawapeza amuna anga ataima pakati pa phanga akuliyang'ana, ndipo ndinanyada kuti ndine mkazi wawo. Anasankha kuti maso aikidwe m'mawa wa tsiku lofika alendo, kuti bwana aone ndi maso mwambo umene anangoumva ndi makutu.

Tsikulo ng'oma zinayamba kusanache. A Jiwan anavala ngati mfumu, monga mwambo umafunira, nalowa ndi msuweni wawo wogwira kalilole. Dzuwa litangotuluka chitseko chinatseguka, iwo natuluka atamangidwa nsalu yoyera kumaso, lupanga lili m'manja, msuweni uja akuwatsogolera kumtengo kumene kunali mphika wa mkaka. Tonse tinali titawerama. Nthawi yomweyo ndinamva kutsokomola kuja kumasitepe. Bwana Ansell anali atawasiya anzake m'mbuyo, akuthamanga ngati mwana wobwerera kwa amake. Sanapereke moni kwa aliyense. Anavula nsapato n'kulowa m'phanga.

Kukuwa kumene kunatuluka m'menemo sindinakumvepo kwa munthu wamwamuna. A Jiwan anaima. Anayesa kuti thanthwe lagumuka lamuphwanya mnzawo. Anatembenuka n'kukoka nsalu ija, koma bwana anali atatuluka kale, ataima patsogolo pawo penipeni. Anayang'anizana. Ng'oma zinaleka, akazi anagwa chafufumimba, ana anabisidwa m'nsalu za amayi awo.

"Aphunzitsi, mwachita chiyani?" anakuwa bwana, m'chilankhulo chathu, aliyense akumva. "Mwalipha! Khoma la zaka mazana awiri mwalipaka ngati ngolo ya pamsika. Bola amishoni, iwo akanangolisiya!"

A Jiwan za ngolozo sanazimve n'komwe. Anaphimba nkhope ndi manja. "Bwana, ndakuyang'anani. Kalanga ine, ndakuyang'anani!"

Alendo anatsika phiri m'mawa womwewo, mkazi wa bwana akumukoka mkono, anzake aja akuyang'ana nsapato zawo. Mpunga wa mkaka wa kokonati umene mudzi wonse unaphika unadyedwa ndi agalu ndi akhwangwala.

Kuchitsime nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo anaimanga mutu anali Dingiri, yemwe uja anayambitsa zonse.

"Apa palibe chovuta," anatero. "Ngati maso a chifaniziro ali amoyo, mzungu uja chaka sachimaliza ali bwino. Akachimaliza akuyenda ndi miyendo yake, ndiye kuti achimwene anangopaka makala pa dothi. Tidikire basi."

"Tsekani pakamwapo, alamu. Ndi magazi anu amenewo."

"Magazi anga, eya. Koma maluwa anga sindikaika pamaso pa dothi."

Mkulu wa amonke ankati chiphunzitso cha Buddha sichinena kalikonse za maso opweteka anthu. Mwina ankanena zoona, koma pa masiku a mwezi wathunthu ankalalikira nkhalamba zochepa ndi ife, anthu atapita ku kachisi wa kutsidya kwa mtsinje. Posakhalitsa nayenso anayamba kunena kuti tidikire tione. Kwa mmisiri woika maso palibe chamanyazi choposa chimenechi. Maso ake akakanidwa, palibe kachisi wina angamuitanenso, ndipo dzina la makolo ake limathera pa iye.

A Jiwan ankadziwa zonsezi, komabe m'mawa uliwonse ankayatsa nyale ya mafuta n'kumatchula dzina la bwana. Ine ndinkapita ku kanyumba ka milungu kuseri kwa kachisi kukaswa kokonati pa mwala, monga timachitira tikamasumira munthu kwa milungu.

"Amake Ranhami, kokonati zikutha bwanji m'nyumba muno?" anandifunsa tsiku lina.

"Zikupita kumene kukupita mafuta a nyale."

"Munthu uja anadya m'mbale mwathu."

"Anadya, n'kudzakutukwanani mudzi wonse ukumva. Mukufuna iye akhale moyo, nanga inuyo mukhala chiyani?"

"Ndikhala munthu wosapha mnzake," anatero, n'kupitiriza kukonza chingwe cha nyale. Ndinalakalaka kuwagenda ndi chipande.

Pakati pa chaka woyendetsa ngolo wina anabweretsa mbiri yoti bwana, amene anali akadali pachilumba pano kujambula akachisi ena, wagonekedwa m'chipatala ku Colombo ndi malungo. Mwezi umenewo maluwa anadzaza pamaso pa chifaniziro, Dingiri ali patsogolo ndi dengu lalikulu kuposa onse, akuuza aliyense kuti achimwene ake si munthu wamasewera. A Jiwan anasiya kudya. Ine ndinanenepa.

Chaka chitatsala pang'ono kutha, woyendetsa ngolo yemweyo anandinong'oneza kuti bwana watsika sitima ya pamtunda ku Kandy ndipo afika mawa, ali yekha. Ndinalawira kukamudikira pa mlatho wa m'munsi mwa phiri, pamene a m'mudzi sakanationa. Sindinamuzindikire msanga. Anali atanenepa, masaya ali ofiira, akuyenda pansi, ngolo ikumutsatira m'mbuyo. Malungo aja atapola, madokotala anamutumiza kukapuma kumalo ozizira, ndipo ngakhale chifuwa chake cha zaka zonse zija chinali chitatheratu.

"Mayi Ukku!" anandiitana, n'kuvula chipewa. "Ndabwera kudzapepesa. Ndinalankhula ngati chitsiru. Khoma lija ndi lanu, si langa. Chaka chonsechi tulo sindinatione."

"Simukuoneka ngati munthu wosagona, bwana."

Anaseka. Ine ndinagwada pa fumbi, ine amene sindinagwadirepo mzungu, n'kumufotokozera zonse: za kuchitsime, za maluwa opita kutsidya, za chimene mudzi ukudikira.

"Sindikuti mufe, bwana. Kwerani ngoloyo mugone m'menemo. Mukafika mutsike ndi ndodo. Mumange kansalu diso limodzi. Ngati zonsezo zakukulirani, ingotsokomolani. Munatsokomola pakhonde panga nyengo ziwiri za mvula popanda wokupemphani. Tsokomolani lero lokha."

Anandiyang'ana ndi chifundo chija timamvera mwana woopa mdima.

"Mayi, mukundipempha kuti ndinamize mudzi wonse, ndi aphunzitsi anga omwe. Avutika chaka chathunthu poganiza kuti andipweteka. Ndikafika ndikutsimphina, si ndiye ndawawonjezera katundu?"

"Iwowo ndikawauza ndekha kunyumba kuti muli bwino. Ndikunena za anthuwo."

"Anthuwo ndi amene akufunika kuona kuti palibe choopa. Ndabwera kudzawamasula aphunzitsi."

"Mwambo umenewu munaulemba nokha m'buku lanu, bwana."

"Ndinaulemba, ndipo ndi wokongola. Koma diso la munthu silipha, mayi. Choonadi sichingawapweteke."

Anandidzutsa mwaulemu, anandisansa fumbi pa mkono, n'kuuyamba ulendo wokwera phiri, akudumpha masitepe awiriawiri. Ndinamutsatira ndikupuma wefuwefu. Mmene ndinkafika pabwalo la kachisi n'kuti mudzi wonse utasonkhana. Bwana anali atagwada, atagwira mapazi a amuna anga, iwo akulira, akumupapasa mikono ndi mapewa.

"Muli bwino, bwana? Palibe pamene pakupweteka?"

"Taonani nokha!" Anaimirira n'kutembenukira kwa anthu, akudzimenya pachifuwa. "Anthu inu, ndinamulakwira mmisiri wanu wamkulu, ndipo ndikupepesa inu nonse mukuona. Komanso musamuopenso. Anandiyang'ana m'maso mwenimweni, koma chibadwire sindinakhalepo ndi thanzi ngati lero. Diso lake silinandichite kanthu ngakhale pang'ono!"

Ankayembekeza kuti anthu aseka kapena aomba m'manja.  Koma ndinaona Dingiri akutola dengu lake la maluwa n'kulowera njira ya kumtsinje, akazi ena akumutsatira mmodzimmodzi.

Bwana anadya nafe madzulo amenewo, ndipo anadya zedi. Anati walowanso m'phanga, wayang'ana bwino, mizere yonse ndi ya agogo aja, palibe pamene palakwika.

"Pakadzapita zaka mazana awiri lidzakongola kwambiri, aphunzitsi," anatero, akunyambita zala.

Anachoka m'mawa mwake mtima uli mbee, akuimba mluzu, wotsimikiza kuti wakonza zimene anawononga.

Mwezi usanathe amonke anaitana Juwanis, munthu wa kugombe amene ankapenta ngolo ndi zikwangwani za masitolo ku Kandy. Anabwera ndi zitini zake. Anapala maso amene a Jiwan anaika kuti aikepo ake. Koma mwambo umafuna wogwira kalilole wodziwa mawu oyenera kunenedwa, msuweni uja anali atasamukira ku minda ya tiyi chifukwa cha manyazi, ndipo wodziwa mawuwo anatsala mmodzi yekha, amuna anga. Ndinawaletsa, ndinalira, ndinawaopseza kuti ndibwerera kwathu. Iwo anangoti chifaniziro sichingakhale chopanda maso. Anakaima m'phanga la makolo awo atatsinzina, atanyamula kalilole, fungo la penti wa m'zitini likuwalowa m'mphuno.

"Dzanja lake limanjenjemera," anatero atabwera kunyumba. "Diso lakumanzere lapendekeka." Kenako anapempha mpunga.

Maluwa anabwerera. Juwanis, poyang'ana khoma lonse, anauza amonke kuti nalonso likufunika kuliwalitsa kuti lifanane ndi maso, ndipo chaka chotsatira analiwalitsa. A Jiwan burashi sanaigwirenso, panalibenso wowaitana. Mwala woperera utoto ndinautsuka, ndimaperera tsabola. Bwana Ansell anakhala moyo mpaka ukalamba weniweni, analemba mabuku ena, analandira mamendulo. Mpaka lero ophunzira amakwera phiri lino atanyamula buku lake loyamba lija, amayerekeza zithunzi za m'menemo ndi khoma, amapukusa mitu, n'kufunsa kuti ndi mbuli iti inachita zimenezi. Ena amafunsa ngakhale ineyo.

A Jiwan anangokhala zaka zochepa chichokereni Juwanis. Tsiku lawo lomaliza, dzuwa lili paliwombo, anandiitana ndi dzanja kuti ndisendere pafupi.

"Amake Ranhami, kwamveka chilichonse za bwana?"

Ndikanatha kunena kuti anafa, kuti apite akudziwa kuti maso awo aja anali amoyo. Bodzalo linali lili kale pa lilime. Koma ndinawayang'ana nkhope, ndinaona yankho limene ankalifuna, ndipo ndinapsa mtima kuposa tsiku lina lililonse.

"Ali bwino," ndinatero. "Akuti akungonenepa."

Anamwetulira n'kutseka maso. Ine ndinatenga kokonati imodzi pa zimene tinasungira anthu a pamaliro, n'kupita nayo kumwala kuja.